MBIRI YA ANTHU OTCHUKA: MAYI C. J. WALKER (1867-1919)

Ambiri mwa ife tikukumbukira lamulo lija la pasukulu lakuti tsitsi likhale lalifupi ndi lopesa bwino. Titangotsiriza maphunziro, ena tidathamangira kukaliwongola ndi chipeso chamoto kapena mankhwala, ndipo lero ambiri akubwerera ku tsitsi lachibadwa ataona kuti likuthothoka. M'kope lino tikupatsirani mbiri ya mayi wina wa ku Amereka amene vuto lomweli lidamugwera, koma iye adalisandutsa chuma chimene chidathandiza anthu ochuluka.

Dzina lake la kuubwana lidali Sarah Breedlove. Adabadwa pa 23 Disembala 1867 pamunda wa thonje ku Delta, m'chigawo cha Louisiana. Makolo ake, Owen ndi Minerva, adali akapolo pamunda womwewo, ndipo Sarah ndiye adali mwana woyamba m'banjamo kubadwa mfulu. Ufuluwo sudabwere ndi chakudya. Pofika zaka 7 adali kale mwana wamasiye, ndipo adakakhala ndi mkulu wake Louvenia ku Vicksburg, m'chigawo cha Mississippi. Mlamu wake adali wankhanza, kotero kuti ali ndi zaka 14 zokha adakwatiwa ndi Moses McWilliams pofuna kuthawa pakhomopo. Mu 1885 adabereka mwana wamkazi, Lelia, ndipo mu 1887 mwamuna uja adamwalira.

Sarah adanyamula mwana wake ulendo wa ku St. Louis kumene alongo ake ankagwira ntchito yometa anthu. Kumeneko adakhala dobi kwa zaka zambiri, ndipo pa tsiku ankalandira pafupifupi dola imodzi ndi theka. Iye mwini sadapeze mwayi wa sukulu, koma pa ndalama zochepazo adasungako mpaka adatumiza Lelia kukaphunzira ku Knoxville College. Adalowanso mpingo wa St. Paul African Methodist Episcopal, kumene adakumana ndi amayi ophunzira amene adamutsekula maso.

M'zaka za m'ma 1890 tsitsi lake lidayamba kuthothoka. Sadali yekha. Masiku amenewo nyumba za anthu osauka zidalibe mipope, anthu sankatsuka m'mutu kawirikawiri, ndipo sopo amene ankagwiritsa ntchito adali waukali. Zotsatira zake zidali mfundu, zilonda za m'mutu ndi dazi ngakhale kwa amayi achitsikana. Cha m'ma 1904 Sarah adayamba kugulitsa mafuta a tsitsi opangidwa ndi mayi wina wakuda, Annie Turnbo Malone. Mu 1905 adasamukira ku Denver, ndipo mu Januwale 1906 adakwatiwa ndi Charles Joseph Walker, amene ankagwira ntchito ya malonda m'manyuzipepala. Kuyambira pamenepo adadziwika ndi dzina lakuti Madam C. J. Walker, nayamba kupanga mafuta akeake otchedwa Wonderful Hair Grower.

M'mafutamo mudalibe matsenga. Mudali sulufule wolimbana ndi matenda a khungu, mafuta a kokonati, phula la njuchi ndi mafuta ena ofewetsa. Chachikulu chidali chiphunzitso chimene Mayi Walker ankayenda nacho khomo ndi khomo ndiponso m'matchalitchi: tsukani m'mutu kawirikawiri, tikitani khungu, dzolani mafuta, ndipo tsitsi lidzamera lokha pakhungu lathanzi. Anthu ena amati iwo ndiwo adatulukira chipeso chamoto, koma zimenezi si zoona, pakuti chidalipo kale. Antchito awo ankachigwiritsa ntchito ndithu, ndipo ena adawadzudzula kuti akutengera azungu, koma iwo ankalimbikira kunena kuti ntchito yawo idali yomeretsa tsitsi. Mankhwala aukali owongolera tsitsi amene timawadziwa ife adafala patapita zaka zambiri iwo atamwalira.

Malonda adayenda bwino. Mu 1908 adatsekula sukulu yophunzitsa kasamalidwe ka tsitsi ku Pittsburgh, imene adaitcha Lelia College. Mu 1910 adasamukira ku Indianapolis kumene adamanga fakitale. Ukwati wawo udatha mu 1912, koma dzina lija adalisunga. Chaka chomwecho adapita kumsonkhano wa bungwe la amalonda akuda la National Negro Business League ku Chicago. Wapampando, Booker T. Washington, sadawapatse mpata wolankhula, koma iwo adaimirira pakati pa anthu nafotokoza za ulendo wawo wochokera m'minda ya thonje mpaka kufakitale. Chaka chotsatira adaitanidwa kukalankhula pamsonkhano womwewo mwaulemu wonse. Mu 1913 adakafika ndi malonda awo ku Jamaica, Haiti, Cuba, Costa Rica ndi Panama.

Amayi zikwizikwi, ambiri mwa iwo madobi ndi antchito a m'nyumba, adaphunzira ntchitoyi nayamba kudziimira paokha. Mu 1917 Mayi Walker adawasonkhanitsa ku Philadelphia, ndipo mphoto sizidapite kwa okhawo ogulitsa kwambiri komanso kwa amene adathandiza osowa kwawo. Iwo eni adaonetsa chitsanzo. Adapereka madola 1,000 pomanga nyumba ya YMCA ya anthu akuda ku Indianapolis, adalipirira ophunzira ku Tuskegee Institute, ndipo adathandiza sukulu ya atsikana ya Mary McLeod Bethune ku Florida. Mu 1917, anthu akuda ambiri ataphedwa pa zipolowe za ku East St. Louis, iwo adali m'gulu la atsogoleri amene adapita ku White House kukapempha lamulo loletsa kupha anthu popanda kuwazenga mlandu. Pulezidenti Woodrow Wilson sadaonane nawo, koma mayiwa sadafooke, ndipo mu 1919 adalonjeza madola 5,000 ku bungwe la NAACP pa nkhondo yomweyo.

Mu 1918 adalowa m'nyumba yawo yaikulu ya Villa Lewaro ku Irvington, pafupi ndi mzinda wa New York, imene mapulani ake adajambula munthu wakuda, Vertner Tandy. Sadaidyerere nthawi yaitali. Matenda a impso ndi kuthamanga kwa magazi adawatenga pa 25 Meyi 1919 ali ndi zaka 51, ndipo adaikidwa kumanda a Woodlawn ku New York. Mu 1998 boma la Amereka lidatulutsa sitampa yokhala ndi nkhope yawo.

Kwa anzathu amene mwasiya mankhwala owongolera tsitsi, chiphunzitso chawo chikadali chothandiza. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kaya ndi lowongola kaya lachibadwa. Likamaoneka ngati silikukula, kawirikawiri ndiye kuti likuduka, makamaka pamene latsopano lakumana ndi lowongola lija, pakuti pamenepo ndi pofooka. Choncho litsukeni, musalilole kuuma, lipeseni lili lonyowa ndi chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga, musaluke mokoka kwambiri, ndipo dulani nsonga zakale pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma phunziro lalikulu ndi la ife tonse, amayi ndi abambo omwe. Mayi amene sadakhale pa desiki monga tidakhalira ife adaona kuti chuma chake chipindule polipirira ana a eni sukulu. Pasukulu yathu palinso ana anzeru amene akusowa fizi, yunifolomu ndi makope. Ife amene tidamwa pachitsime chimenechi, tiyeni tikumbukire kubweza mkono.