IBN BATTUTA, MLENDO WA M'ZIPULULU NDI PANYANJA

M'caka ca 1325 mnyamata wa zaka 21, dzina lake Ibn Battuta, anatsazika makolo ake mu mzinda wa Tangier m'dziko la Morocco, nanyamuka yekhayekha ulendo wa ku Mecca, kumene Asilamu amapita kukapembedza. Anzake ambiri akafika ku Mecca anali kubwerera kwao. Koma iyeyu anakhala zaka 24 asanapondenso dothi la kwao.

Anabadwa m'caka ca 1304 m'banja la oweruza milandu, ndipo iyenso anaphunzira malamulo a Cisilamu. Maphunzirowa ndiwo anali kamba wake wa paulendo, pakuti mafumu a maiko ambiri anali kulandira munthu wophunzira ndi manja awiri, nampatsa cakudya, zobvala ngakhale akavalo.

Ku Alexandria, m'dziko la Egypt, anapita kukaona nsanja yakale younikira zombo usiku, napeza mbali imodzi itagwa. Kucoka apo anatsata mtsinje wa Nile, nadutsa cipululu masiku 15 kufikira pa doko la Aydhab pa Nyanja Yofiira, kuti aoloke kunka ku Mecca. Tsoka ilo, anapeza kuli nkhondo ndipo zombo zitamizidwa. Anabwerera njira yomweyo, nakafika ku Mecca m'caka ca 1326 podzera ku Damascus.

Ca m'ma 1331 anakwera combo coyenda ndi mphepo, natsika m'gombe la kum'mawa kwa Africa. Anaima ku Mogadishu ndi ku Mombasa, nafika ku Kilwa, kacisumbu ka m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mzindawo anauwerengera pakati pa mizinda yokongola koposa imene anaiona, ndipo anatama mfumu yake cifukwa ca kupatsa. Kumeneko anamva kuti golide anali kufuma kumtunda, nadzera pa doko la Sofala. Owerenga azindikire kuti apa n'kuti Apwitikizi asanafike m'gombe limeneli ndi zaka zoposa 160. Malonda a kugombe anafika ndi kuno komwe: pa Ingombe Ilede, m'cigwa ca Zambezi, panafukulidwa mikanda yocokera kutsidya kwa nyanja.

Ku India mfumu Muhammad bin Tughluq inamuika kukhala woweruza mu mzinda wa Delhi, ndipo m'caka ca 1341 inamtuma kuti akapereke mphatso kwa mfumu ya ku China. Pa doko la Calicut katundu yense analongedwa m'zombo, koma mwini wake anatsalira kumtunda kuti apemphere, popeza linali tsiku Lacisanu. Nyanja inawinduka. Combo ca mphatso cinasweka, anthu namira, ndipo cina cimene munali katundu wake cinapita osamdikira. Anatsala pagombe ndi kamkeka ndi tindalama khumi. Kubwerera ku Delhi anaopa, cifukwa mfumu ija inali yosacedwa kupha munthu.

Motero anathawira ku zisumbu za Maldives, kumene anthu anali kugula zinthu ndi tizigoba ta m'nyanja m'malo mwa ndalama. Anaweruza milandu kumeneko miyezi isanu ndi inai, koma kuuma mtima kwake pa malamulo kunamdanitsa ndi akuluakulu, nacoka. Pambuyo pake acifwamba a panyanja anamlanda zonse, namsiya ndi buluku lokha. Anapitirirabe kum'mawa, ndipo buku lake linena kuti anafika ku China, ngakhale akatswiri ena a mbiri yakale amakayika mbali zina za ulendo umenewo.

Anabwerera ku Morocco m'caka ca 1349, mliri waukulu uli kusesa anthu m'maiko ambiri. Atate wake anali atamwalira zaka 15 zapitazo. Amai wake anamwalira patangotsala miyezi yowerengeka kuti mwana wao afike.

Munthu wina akanakhala pansi. Koma Ibn Battuta anagula ngamila, ndipo m'caka ca 1352 analowa m'gulu la amalonda odutsa cipululu ca Sahara kucokera ku Sijilmasa. Atayenda masiku 25 anafika pa Taghaza, mudzi wopanda mtengo ndi umodzi womwe, kumene nyumba ndi mzikiti zinamangidwa ndi miyala ya mcere ndi kufoleredwa ndi zikopa za ngamila. Madzi ake anali owawa, nchenche zili ng'waa. Akapolo ndiwo anali kukumba mcerewo, ndipo kum'mwera unali kugulidwa ndi golide.

Kutsogolo kunali mtunda wa masiku khumi wopanda citsime. Mwambo wa apaulendo unali wotere: anali kulemba munthu mmodzi wodziwa njira kuti atsogole yekha ndi makalata kunka ku Walata, kuti a kumeneko awacingamire ndi madzi ulendo wa masiku anai. Mthengayo akasocera kapena kufera m'njira, gulu lonse, kapena ambiri a iwo, anali kufa ndi ludzu. M'cipululumo mulibe mseu, pakuti mphepo imasuntha mcenga nifafaniza mapazi. Munthu wina wa m'gulu lao anatsalira m'mbuyo atakangana ndi mbale wake, ndipo sanamuonenso wamoyo. Codabwitsa n'cakuti wowatsogolera anali wa diso limodzi, linalo lodwala, komabe njira anali kuidziwa kuposa onse. Anafika ku Walata patapita miyezi iwiri.

Ku Mali, Mansa Sulayman anamtumizira mikate itatu, nthuli ya nyama ya ng'ombe ndi cipanda ca cambiko. Mlendoyo, amene anazolowera mphatso za golide, anaseka monyoza, ndipo apa anaonetsa kudzikuza kwake. Komabe anacitira umboni kuti anthu a ku Mali anali kudana ndi cisalungamo, ndi kuti wapaulendo sanali kuopa mbala m'dzikomo. Pa mtsinje wa Niger, umene iye anauyesa Nile, anaona mvuu kwa nthawi yoyamba, naziyesa njobvu.

Atabwerera ku Fez m'caka ca 1354, mfumu Abu Inan inalamula mlembi wochedwa Ibn Juzayy kuti alembe zonse zimene mkuluyo anasimba. Bukulo, lochedwa Rihla, linatha m'caka ca 1355. Maulendo ake onse akuwerengedwa kuti anakwana makilomita pafupifupi 117,000. Anamwalira ku Morocco ca m'ma 1368.