EDWARD JENNER: DOTOLO WA KUMUDZI AMENE ANAYAMBITSA KATEMERA

Akulu-akulu ambiri m'midzi yathu ali ndi cipsera cozungulira pa dzanja, pafupi ndi phewa. Kwa ambiri a iwo, cipsera cimeneco ndi ca katemera wa nthomba, nthenda imene kale inali kumaliza midzi. Mwa anthu 10 ogwidwa ndi nthomba yaikulu, atatu anali kufa, ndipo opulumuka anali kutsala ndi zipsera pankhope, ena mpaka kucita khungu. Munthu amene anatsegula njira yogonjetsera mliri umenewu anali Edward Jenner, dotolo wa kumudzi wa ku Mangalande.

Jenner anabadwa pa 17 Meyi 1749 m'mudzi wa Berkeley, m'cigawo ca Gloucestershire, dziko la alimi oweta ng'ombe za mkaka. Atate ake anali abusa a mpingo. Ali ndi zaka 5 makolo ake onse awiri anamwalira, motero analeredwa ndi akulu ake.

Masiku amenewo anthu anali nayo kale njira ina yodzitetezera. Anali kutenga mafinya a munthu wodwala nthomba ndi kuwatemera pa khungu la munthu wamoyo, kuti adwale pang'ono ndi kusadzadwalanso. Njirayi inali kudziwika ku Asia ndi m'maiko ena a mu Africa isanafike ku Mangalande. Koma inali yoopsa, cifukwa ena anali kufa nayo, ndiponso wotemeredwayo anali kukhoza kupatsira anzake nthomba yeni-yeni. Jenner mwini anatemeredwa motero ali ndi zaka 8, atayamba wasalitsidwa zakudya ndi kucotsedwa magazi, ndipo mabvuto amenewo sanawaiwale moyo wake wonse.

Atasinkhukirapo anapita kukaphunzira nchito kwa dotolo wa ku Chipping Sodbury. M'caka ca 1770 anapita ku London, kumene anaphunzitsidwa ndi katswiri wochuka John Hunter pa cipatala ca St George. Hunter anamzoloweza kusakhutira ndi maganizo cabe, koma kuyesa cinthu ndi kucipenyetsetsa. Atatsiriza maphunziro, Jenner sanakopeke ndi moyo wa mumzinda. Anabwerera kwao ku Berkeley kukacirikiza anthu a kwao.

Pakati pa alimi panali mbiri yakuti atsikana okama ng'ombe sagwidwa ndi nthomba. Ng'ombe zinali kudwala kanthenda ka matuza ku mabere, ndipo wokama anali kutenga matuzawo m'manja, nadwala masiku owerengeka cabe. Nthendayi inali kuchedwa nthomba ya ng'ombe. M'caka ca 1774 mlimi wina, Benjamin Jesty, anatemera mkazi wake ndi ana ake awiri mafinya a ng'ombe, ndipo iwo anapulumuka mliri. Koma madotolo ambiri anayesa zonsezi nkhambakamwa za anthu osaphunzira. Jenner sanazipeputse. Kwa zaka zambiri anafunsa okama ng'ombe ndi kulemba zimene anaona.

Tsiku lalikulu linali 14 Meyi 1796. Mtsikana wina, Sarah Nelmes, anali ndi matuza a nthomba ya ng'ombe m'manja. Jenner anatenga mafinya ake nawatemera pa dzanja la James Phipps, mnyamata wa zaka 8, mwana wa munthu womlimira m'dimba. Mwanayo anatentha thupi pang'ono, kenaka anacira. M'mwezi wa Julayi Jenner anamtemera mafinya a nthomba yeni-yeni. Apa moyo wa mwana wa eni ndi dzina la dotoloyo zinali pa ngozi pamodzi. Koma mwanayo sanadwale. Lero malamulo a zacipatala sangalole kuyesa kotere pa mwana, komabe zimene zinapezeka tsiku limenelo zapulumutsa anthu osawerengeka.

Kodi cinacitika n'ciani m'thupi mwa mnyamatayo? Jenner sanadziwe, pakuti tizirombo toyambitsa matenda tinali tisanadziwike. Lero akatswiri akufotokoza kuti kacirombo ka nthomba ya ng'ombe ndi ka nthomba ya anthu n'tapacibale. Thupi likakumana ndi kofooka kaja limapanga asilikali a m'magazi olimbana nako, ndipo limasunga cikumbukiro ca maonekedwe ake. Kakafika koopsa, kamapeza asilikali ali ciriri, okazindikira kale. Ali ngati mlenje amene anazolowera mapazi a nyama ina: sasokera akaona a mbale wake wa nyamayo.

Cipambano sicinabwere msanga. Bungwe la akatswiri la Royal Society, limene iye anali membala wake cifukwa ca kufufuza kwake za mbalame, silinasindikize lipoti lake loyamba, poona kuti umboni unali wocepa. Jenner anatemera ana ena, ndipo m'caka ca 1798 anasindikiza yekha kabuku kofotokoza za anthu 23. Otsutsa anauka. Ena anati n'kulakwa kuika za nyama m'thupi la munthu. Ena anajambula zithunzi zoseketsa za anthu akumera mitu ya ng'ombe. Madotolo ena amene anali kudyera njira yakale ija anaopa kutaya ndalama. Jenner sanabise nzeru yake kuti alemererepo. Anatumiza katemera kwa ali yense wompempha, ndipo nchito yolemba makalata inamdyera nthawi kotero kuti cuma cake cinacepa. M'dimba la pakhomo pake munali kanyumba kofolera ndi udzu mmene anali kutemera amphawi kwaulere.

Pasanapite zaka zambiri katemera anafika m'maiko a ku Ulaya, ku America ndi ku India. Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inampatsa mapaundi 10,000 m'caka ca 1802, ndi ena 20,000 mu 1807. Ngakhale Napoleon wa ku France, amene anali pa nkhondo ndi Britain, anamasula akaidi ena Acingelezi cifukwa Jenner anawapemphera.

Kunyumba kwake cisoni sicinamlambalale. Mwana wake wacisamba anamwalira mu 1810, ndipo mkazi wake Catherine anatsatira mu 1815, onse ndi cifuwa cacikulu. Jenner sanaiwale James Phipps: atakula anampatsa nyumba yokhalamo kwaulere. Dotoloyu anamwalira ku Berkeley pa 26 Januwale 1823, ali ndi zaka 73.

Mbewu imene anabzala inaca pang'ono-pang'ono. Mu 1840 boma la Britain linaletsa njira yakale yotemera mafinya a nthomba. Mu 1967 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalimbikitsa nkhondo yothetseratu nthendayi, ndipo anchito a zaumoyo anayenda mudzi ndi mudzi mu Africa, Asia ndi South America. Munthu wotsiriza kuitenga mwa njira ya cibadwa anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo pa 8 Meyi 1980 kunalengezedwa kuti nthomba yatha pa dziko lonse lapansi. Iyi ndiyo nthenda yokha ya anthu imene yathetsedwa kotheratu kufikira lero.

Cikuku, poliyo, kafumbata ndi cifuwa cokoka mtima zikalipobe, ndipo katemera wake amayenda pa nzeru yomweyo ya Jenner, yophunzitsa thupi mdani asanafike. Mai amene abereka mwana kumbuyo nayenda mtunda wautali kupita ku sikelo, napitanso kufikira jekeseni zonse za pa khadi zitakwanira, akupitiriza nchito imene inayambira m'khola la ng'ombe ku Berkeley.