Henry Sorby, mkulu amene adasuzumira m'kati mwa chitsulo

Osula makasu ndi nkhwangwa amadziwa kuti chitsulo cha moto ukachiviika m'madzi chimalimba gwa koma sichichedwa kuthyoka, pomwe ukachisiya kuti chizizire chokha chimafewa. Chitsulo n'chomwecho, nanga chasintha n'chiyani? Mmodzi mwa anthu oyamba kuona yankho ndi maso adali Henry Clifton Sorby wa ku Sheffield, m'dziko la England.

Sorby adabadwa pa 10 May 1826 m'banja lochita bwino, la fakitale yopanga zipangizo zachitsulo. Bambo ake atamwalira mu 1847 adamusiyira chuma chokwanira, moti sadalembedwepo ntchito. Sadakwatirenso. Nthawi yake yambiri idathera pa kafukufuku.

Adayamba ndi miyala. Kuchokera mu 1849 ankapala mwala mpaka upyapyale kuti kuwala kuzidutsa, kenaka n'kuunika ndi maikulosikopu, makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso. Anzake ena ankamuseka kuti akufuna kuphunzira za mapiri pa kachidutswa.

Mu 1863 adatembenukira ku chitsulo. Apa padali vuto chifukwa kuwala sikudutsa m'chitsulo. Iye ankachipukuta mpaka chisalale ngati galasi, n'kuchithira asidi wosungunula kuti adye pamwamba pang'ono chabe. Zomwe adaona n'zakuti chitsulo si chinthu chimodzi chogwirana monga timachionera, koma timibulu tambirimbiri tokumanakumana, ndipo kukula ndi kayalidwe ka timibuluto zimasintha malinga ndi momwe chitsulocho chatenthetsedwera, kusulidwa ndi kuzizira.

Atafotokoza izi mu 1864, eni mafakitale sadalabadire. Ngakhale ganizo lake loti njanji ikathyoka n'kuchititsa ngozi aziyiunika ndi maikulosikopu likadaoneka ngati lamisala. Chodabwitsa n'chakuti izi zinkachitika mumzinda womwe unkadya za chitsulo!

Padapita zaka zoposa 20 kuti amumvere. Mu 1886 ndi 1887 bungwe la Iron and Steel Institute lidasindikiza zomwe adapeza, kuphatikizapo gawo lina la chitsulo lonyezimira ngati ngale, lomwe lero limatchedwa pearlite. Gawoli ndi timizere topyapyala tosanjikizana: kena kachitsulo chofewa, kena kolimba kokhala ndi kaboni. Kofewako kamalola kupindika, kolimbako kamakana kutha, ndipo timizereti tikathithikana kwambiri chitsulo chimakhala champhamvu. Njanji zambiri za sitima n'zachitsulo chotere.

Masamu ake adabwera Sorby atapita kale. Mu 1951 ndi 1953, E. O. Hall ndi N. J. Petch adaonetsa kuti timibulu tikachepa msinkhu mphamvu ya chitsulo imakwera, ndipo lero mainjiniya amawerengera zoterezi pakompyuta chitsulo chisadasungunulidwe n'komwe.

Mkuluyu sankakhazikika pa chinthu chimodzi. Mu 1878 adagula boti lotchedwa Glimpse n'kuyamba kufufuza zamoyo za m'nyanja. Adamwalira pa 9 March 1908, ndipo adasiyira yunivesite ya Sheffield ndalama zolipirira pulofesa wa maphunziro a miyala.