Fujio Akatsuka, mmisiri amene adapatsa zitsiru ulemu

Ku Japan akamakamba za makatuni oseketsa, dzina la malemu Fujio Akatsuka silisowa. Amamutcha mfumu ya nthabwala za manga, nthano za zithunzi zotuluka m'magazini zomwe zikatchuka zimasandutsidwa makatuni a pa kanema. Komatu moyo wake sudayambe ndi phwete.

Akatsuka adabadwa pa 14 Seputembala 1935 ku Manchuria, dera la China lomwe panthawiyo lidali m'manja mwa Japan. Nkhondo itatha mu 1945, bambo ake adagwidwa ndi asilikali a Soviet Union. Mayi ake adabwerera ndi ana ku Japan mu 1946, koma mlongo wake wakhanda adamwalira atangofika. Bambo adatulukira mu 1949.

Atakula adagwirako ntchito yolemba zikwangwani ku Niigata, kenako ya m'fakitale ku Tokyo. Mu 1956 adalowa m'nyumba ya lendi yotchedwa Tokiwa-so, momwe munkakhala achinyamata ojambula manga, kuphatikizapo Shotaro Ishinomori. Poyamba ankajambula nthano za atsikana.

Mwayi udamugwera mu 1962 ndi Osomatsu-kun, nthano ya anyamata 6 obadwa tsiku limodzi, ofanana ngati ndalama. Chodabwitsa n'chakuti mitima ya owerenga idakopeka kwambiri ndi anthu ena a m'nthanomo, makamaka Iyami, kathyali wa mano otuluka amene amadzitama kuti adakhalako ku France. Akadzidzimuka amaima ndi mwendo umodzi manja atapinda, ndipo kaimidweko kadafala mwakuti ngakhale chilombo chija Godzilla chidakatsanzira mufilimu ya mu 1965. Nthanoyi idafika pa kanema mu 1966.

Mu 1967 adatulutsa Tensai Bakabon, yomwe idayamba kuonetsedwa pa kanema mu 1971. M'banja la m'nthanoyi zinthu n'zotembenuka: wanzeru zakuya ndi khanda, pomwe bambo ndiye chitsiru chimene maganizo ake okhota amasokoneza aliyense. Mulinso wapolisi wowomba mfuti pa nkhani yosanunkha kanthu ndi mkulu wina amene ntchito yake n'kusesa msewu tsiku lonse.

Apa ndi pomwe pagona kukoma kwa ntchito ya Akatsuka. M'zaka zimenezo chuma cha Japan chinkakwera mofulumira, ana akulimbana ndi mayeso, akuluakulu akusenza malamulo a kuntchito. Iye adajambula anthu olephera, aulesi ndi opusa, koma sadawaweruze. Nthano zake sizithera pa phunziro, ndipo chitsiru chimadzuka mawa chili chitsiru, chosangalala. Munthu wotopa ndi mpikisano amapezamo mpumulo.

Mwini wakeyo ankakonda mowa ndi zisudzo, ndipo ndiye adasunga kunyumba kwake Tamori, katswiri wa nthabwala, asadatchuke. Pambuyo pake adapezeka ndi khansa ya kummero, koma sadaike cholembera pansi: mu 2000 adatulutsa buku la zithunzi zokhudza ndi manja ndi zilembo za Braille kuti ana osaona nawo aseke.

Mu 2002 mtsempha wa muubongo udaphulika, ndipo sadajambulenso. Adamwalira ndi chibayo pa 2 Ogasiti 2008 ali ndi zaka 72.

Anyamata ake 6 aja adabweranso pa kanema mu 2015 m'makatuni a Osomatsu-san. Adali atakula, koma onse ali paulova, ndipo achinyamata a ku Japan adawalandira ndi manja awiri.