MFUMU ZINZENDORF NDI CITHUNZITHUNZI CA KU DÜSSELDORF

Mwezi uno tikambe mbiri ya munthu wa ku Ulaya, dzina lace Nikolaus Ludwig von Zinzendorf, amene anatsamira mkono m'caka ca 1760. Ambiri a ife tinaonapo munthu alikugwetsa misozi m'nyumba ya Mulungu pakumva nyimbo, kapena pakupenya cifaniziro ca zowawa za Ambuye. Ena amseka, ndi ena amyesa woyera mtima woposa anzace. Mbiri iyi idzatithandiza kuweruza bwino za misozi yotere, pakuti munthu uyu analaswa mtima ndi cithunzithunzi cimodzi, ndipo zotsatapo zace zinadalitsa mitundu yambiri, koma zinasenzetsanso katundu wolemera a pa banja pace.

Ubwana wace

Anabadwa pa 26 May 1700 m'mzinda wa Dresden, m'dziko la Saxony, ndilo gawo lina la Germany. Anali wa pfuko la mafumu, eni minda yaikuru, okhala nao ulemu pa bwalo la mfumu yaikuru ya dzikolo. Atate wace anamwalira iye ali khanda la masabata 6, ndipo pamene amace anakwatiwanso m'caka ca 1704, mwanayo anatsala m'manja mwa agogo ace akazi, a Henriette von Gersdorf, mai akuopa Mulungu ndi odziwa mabuku. Pa maondo pao anaphunzira kukonda Yesu ali wamng'ono ndithu. Pofika zaka 10 anamtumiza ku sukulu ya ku Halle, kwa mphunzitsi womveka August Hermann Francke, kumene anamva ndi makutu ace nkhani za amishoni obwera kucokera ku India.

Koma abale ace sanafuna kuti akhale mbusa, pakuti masiku aja kunayesedwa kunyazitsa pfuko kuti mwana wa mfumu agwire nchito yotere. Motero m'caka ca 1716 mbale wa atate wace, ndiye womyang'anira, anamtumiza ku Wittenberg kukaphunzira malamulo a dziko, ndi kuyembekeza kuti cangu cace ca kupembedza cidzazilala kumeneko.

Funso la pa khoma

Unali mwambo wa ana a mafumu kuti, atatha maphunziro, ayende maiko kukaona mizinda ndi makhalidwe a anthu. M'caka ca 1719 Zinzendorf anauyamba ulendo wotere, nafika ku Düsseldorf, mzinda wa pa mtsinje wa Rhine. Kumeneko kunali nyumba yaikuru yosungiramo zithunzithunzi zolembedwa ndi utoto pa nsaru, nchito ya manja a amisiri, pakuti makina ojambulira kunalibe. Anthu olemekezeka amalowamo kukapenya ndi kutama luso la amisiriwo.

Mwa zambirizo munali cimodzi ca mmisiri wa ku Italy, dzina lace Domenico Feti. Cinaonetsa Ambuye Yesu monga Pilato anawaturutsira pamaso pa khamu la anthu, atabvala korona waminga. Pansi pace panalembedwa mau a Cilatini, monga ngati Ambuye mwini alikuuza wopenyayo kuti anamva zowawa izi cifukwa ca iye, ndi kumfunsa cimene iye anawacitira. Mnyamatayo powerenga analaswa mtima. M'buku lace la za ulendowo analemba kuti mwazi wace unathamanga, popeza anaona kuti analibe zambiri zakuyankha. Ndipo anapempha Mpulumutsi kuti amkokere ndi mphamvu m'ciyanjano ca zowawa zace, ngati mtima wace ukana kulowamo wokha.

Tizindikire kuti sanatembenuka mtima tsiku limenelo, pakuti anali wokhulupira kale. Cithunzithunzi sicinamuuza kanthu kosalembedwa m'Uthenga Wabwino. Koma zimene anazidziwa m'mutu ciyambire ubwana, tsiku lija anaziona ndi maso, ndipo funsolo linamtsata moyo wace wonse.

Ukwati ndi mudzi wa Herrnhut

Atabwera ku ulendo anamvera agogo ace, nalowa nchito ya uphungu pa bwalo la mfumu ku Dresden m'caka ca 1721, ngakhale mtima wace unali kwina. Pa 7 September 1722 anakwatira Erdmuthe Dorothea Reuss, mwana wa mafumu nayenso, ndipo awiriwo anapangana kuti ukwati wao ukhale wa ankhondo a Kristu, okonzeka kusiya zonse akaitanidwa. Pangano ili analisunga, koma mtengo wace unagwera kwambiri mkaziyo, monga tidzaona.

Caka comweco anafika pa minda yace anthu othawa kwao ku Moravia cifukwa ca kuzunzidwa pa za cipembedzo. Iwo anali mbeu yotsala ya Mpingo wakale wa Abale, umene unaphuka pa ciphunzitso ca Jan Hus. Mmisiri wa matabwa, Christian David, anagwetsa mtengo woyamba pa 17 June 1722, ndipo mudziwo unachedwa Herrnhut, ndiko kunena ulonda wa Ambuye. Pocuruka anthu inabuka mikangano yowawa ya ziphunzitso. Tsono m'caka ca 1727 Zinzendorf anasiya bwalo la ku Dresden nakhala pakati pao, nalowa nyumba ndi nyumba kuwadandaulira. Ndipo pa 13 August, pa Mgonero wa Ambuye ku Berthelsdorf, odanawo anakhululukirana ndi misozi. Mwezi womwewo anayamba kulandizana maora a kupemphera usana ndi usiku, ndipo ulonda umenewo unakhala zaka zoposa 100.

M'caka ca 1731 ku Copenhagen anakomana ndi munthu wakuda, dzina lace Anthony, wocokera ku cisumbu ca St Thomas ku West Indies, amene anamfotokozera za akapolo a kumeneko osamva Uthenga. Caka cotsatapo Leonhard Dober ndi David Nitschmann anamuka ku cisumbuco. M'caka ca 1733 ena anamuka ku dziko lozizira la Greenland, ndipo mu 1737 Georg Schmidt anakoceza ku Cape Town. Umo ndimo Zinzendorf anayankhira funso la ku Düsseldorf.

Katundu wa a pa banja

M'caka ca 1734 analowa ubusa, cinthu cimene abale ace anacikana kuyambira kale. Aphunzitsi a ku Halle, kumene analeredwa, anasanduka omtsutsa, ndipo m'caka ca 1736 boma la Saxony linampitikitsa m'dzikomo. Anatenga banja lace kukakhala ku Ronneburg, m'linga lakale logumuka, pakati pa aumphawi, ndipo mwana wao wamng'ono anafera komweko. John Wesley, amene anadza kudzamceza m'caka ca 1738, analekana naye ku London mu 1741 cifukwa ca kusiyana pa ciphunzitso ca ciyeretso. Zinzendorf anali munthu wa mtima wotentha. Cimene anacimva mwamphamvu m'kati mwace anaciyesa coonadi ca onse, ndipo kumcenjeza kunali kobvuta.

Anali wapaulendo kosaleka. Anaoloka nyanja kunka ku St Thomas pa kutha kwa caka ca 1738, ndipo kuyambira 1741 kufikira 1743 anali ku America, kumene anacha mudzi wa Abale dzina la Bethlehem. Masiku onsewo amene anasunga minda, kuwerenga ndalama ndi kuyankha angongole anali Erdmuthe. Pakuti mwamuna wace anadziwa kutuma amishoni, koma sanadziwa kuwerengera za pa ulendo wao. Mai ameneyu anabala ana 12, ndipo 8 a iwo anawaika m'manda ali aang'ono. Anthu a kutali anamva mau a mwamuna wace zaka zambiri, pamene iye analikulira maliro ndi kusenza mirandu ya pa mudzi.

Pamene moto unapitirira malire

Bvuto lina linacokera m'cinthu comweco cimene cinamdzutsa. Popeza iye analaswa mtima pakupenya mabala a Ambuye, anafuna kuti Abale onse akhale akupenya mabalawo masiku onse, m'nyimbo, m'maulaliki ndi m'zithunzithunzi. Pa mudzi wao wina wochedwa Herrnhaag, m'zaka za pakati pa 1743 ndi 1750, cinthuci cinapitirira muyeso. Anthu anayamba kunena za mabalawo, makamaka la m'nthiti, ndi mau acibwana osayenera zinthu zopatulika; anacita mapwando a nyali zambiri ndi zoyimbira, namwaza cuma, nayesa kuti wotengeka mtima koposa ndiye Mkristu woposa. Mbiri yoipa inamveka m'maiko, ndipo adani a Mpingo anasindikiza mabuku akuunyoza.

Wotsogolera anyamata pa mudzipo anali mwana wace weni weni wa Zinzendorf, dzina lace Christian Renatus, mnyamata wofatsa amene anangotsata njira yolambulidwa ndi atate wace. M'caka ca 1749 atatewo analemba kalata woopsa wakudzudzula mipingo yonse, namcotsa mwanayo pa udindo wace, namuitanira ku London. Mnyamatayo anasweka mtima, nadwala cifuwa, namwalira komweko m'caka ca 1752, ali ndi zaka 24. Amace anali kutali, ndipo atamva za imfa ya mwana wao wamwamuna mmodzi yekha amene anakula, mphamvu zao sizinabweranso.

Ngakhale boma linamlola kubwera ku Saxony m'caka ca 1747, Zinzendorf anakhala makamaka ku London kufikira 1755, ndi mkazi wace ku Herrnhut. Atabwera anakhala pamodzi caka cimodzi cokha, ndipo Erdmuthe anamwalira pa 19 June 1756. Pamenepo maso a mwamunayo anatseguka. Anabindikira ndi cisoni cacikuru, nadzitsutsa kuti sanamsamalira monga kunayenera. M'caka ca 1757 anakwatira Anna Nitschmann, mtsogoleri wa akazi a mu Mpingo. Anamwalira ku Herrnhut pa 9 May 1760, ndi Anna anamtsata patapita masiku 12.

Zipatso zace, ndi phunziro lathu

Pofika imfa yace Abale a ku Moravia anali atatuma amishoni oposa 200, ndipo iye mwini anasiya nyimbo zoposa 2,000. Malo amene Schmidt anayamba kuphunzitsa Akhoikhoi ndiwo Genadendal wa ku South Africa, ndipo m'caka ca 1891 Abale a Mpingo womwewo anamanga mishoni ku Rungwe, m'mapiri a kumpoto kwa Nyanja yathu, m'dziko limene lero lichedwa Tanzania. Kotero funso lowerengedwa ndi mnyamata mmodzi pa khoma linafika kufupi ndi kwathu kuno.

Cifukwa cace tisaseke mbale wogwetsa misozi pa nyimbo kapena pa cifaniziro, pakuti Mulungu akhoza kulankhula ndi munthu mwa nchito ya mmisiri. Koma tisayesenso misozi ngati muyeso wa Cikristu, kapena kukakamiza anzathu kuti amve monga timva ife. Ku Herrnhaag misozi inacuruka, ndipo Mpingo unapweteka. Kulaswa mtima kwa ku Düsseldorf kunadziwika kuti kuli koona cifukwa kunabala nchito zaka 40.

Ndipo inu akuru a Mpingo, alaliki ndi aphunzitsi anzanga, amene muyenda midzi ndi Mau, kumbukilani Erdmuthe. Pobwera ku ulendo funsani amene analima munda, amene anacezera ndi mwana wodwala, ndi amene anayankha mwini ngongole. Mumyamike iye akali ndi makutu akumva. Ambuye amene atifunsa cimene tinawacitira adzawerengera pamodzi ndi maulendo athu cimene tinacitira iwo a m'nyumba mwathu.