Ferdinand Hurter

Ferdinand Hurter (15 Marichi 1844 – Marichi 1898) anali katswiri wa sayansi ya makemikolo wa ku Switzerland amene anagwira ntchito ku England. Amadziwika chifukwa iye ndi Vero Charles Driffield anayeza mwasayansi mmene kuwala kumadetsera galasi lojambulira zithunzi.

Ubwana ndi maphunziro

Hurter anabadwira ku Schaffhausen. Anaphunzira ku Zürich kenako ku Heidelberg, kumene anaphunzitsidwa ndi Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff. Mu 1867 anasamukira ku England ndipo analembedwa ntchito pa fakitale yopanga soda ya Gaskell, Deacon & Co. ku Widnes.

Mzere wa H&D

Driffield, injiniya wa pa fakitale yomweyo, ndiye anamukopa kuti ayambe kujambula. Masiku amenewo zithunzi zinkajambulidwa pa magalasi opakidwa mankhwala a siliva, ndipo wojambula ankachita kungoyerekeza nthawi yoti kuwala kulowe m'kamera. Akaphonya, galasi linkapita pachabe.

Awiriwa ankaunikira magalasi ndi kandulo kudzera m'gudumu lobooledwa, lozunguzidwa ndi makina akale osokera, kenako n'kuyeza kuda kwa gawo lililonse. Anafalitsa zimene anapeza mu 1890 m'magazini ya Journal of the Society of Chemical Industry. Atalemba manambalawo pa girafu, panatuluka mzere wopindika ngati S. Kumunsi, kumene kuwala n'kochepa, umakwera pang'onopang'ono, pakati umawongoka, pamwamba umagona chifukwa galasi lada mpaka pamapeto. Mzerewu umatchedwa H&D potengera mayina awo.

Anasonyezanso kuti kusiya galasi nthawi yaitali m'mankhwala otsukira kumaimiritsa gawo lowongoka lija, kotero kuti malo owala ndi amdima amasiyana kwambiri, koma sikubweza zimene zinatayika pojambula. Ojambula ambiri, amene ankanyadira luso lawo la m'chipinda chamdima, anatsutsa mwamphamvu mfundoyi.

Mzere wofanana nawo ulipo m'mapulogalamu okonzera zithunzi pa kompyuta. Sensa ya kamera ya digito imangowerenga kuwala mmene kwabwerera, ndipo chithunzi cha RAW chosakonzedwa chimaoneka chozimiririka. Choncho mapulogalamu monga Adobe Lightroom ali ndi tone curve yokonzeratu, monga Medium Contrast ndi Strong Contrast, imene imapinda mzere ngati S: pakati pamaimirira, kumapeto kumagona. Malire ake ndi akale omwewo: malo amene anayereratu pojambula, mzere sungawabweze.

Zaka zomaliza

Mafakitale a soda ataphatikizana mu 1890 n'kupanga United Alkali Company, Hurter anatsogolera labotale yake yofufuzira ku Widnes. Apa sanaone patali: analangiza kampaniyo kukana njira ya Hamilton Castner yopangira klorini ndi magetsi, imene pambuyo pake inalanda msika. Anamwalira ku Cressington Park, ku Liverpool, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 54.