Manfred von Richthofen, Msilikali wa Ndege Yofiira

Agogo athu ankasimba za Nkhondo ya Chiwaya, imene inabuka m'chaka cha 1914 ndi kutha mu 1918. Nkhondoyi inafika kwathu kuno, koma inakula kwambiri ku Ulaya. Kumeneko ndiko kunatchuka mnyamata wina wa ku Germany, dzina lake Manfred von Richthofen.

Manfred anabadwa pa 2 Meyi 1892 pafupi ndi mzinda wa Breslau, umene lero uli m'dziko la Poland ndipo umatchedwa Wrocław. Atate ake anali msilikali. Ali ndi zaka 11, Manfred anamtumiza kusukulu ya usilikali, ndipo mu 1911 analowa m'gulu la asilikali okwera pa akavalo. Masiku amenewo ntchito yaikulu ya asilikali otere inali kuzonda kumene adani ali.

Nkhondo itayamba, zinthu zinasintha msanga. Asilikali a mbali zonse ziwiri anakumba ngalande zobisalamo, natchinga kutsogolo kwake ndi waya waminga. Aliyense wotulukira poyera ankalasidwa ndi mfuti za chiwaya. Motero akavalo anasowa podzera, ndipo ntchito yozonda inatengedwa ndi ndege. Manfred atatopa ndi kukhala chabe, anapempha kuti alowe m'gulu la ndege, ndipo anamlola mu 1915.

Ndege za nthawiyo zinali za matabwa ndi nsalu, ndipo poyamba zinalibe mfuti. Oyendetsa ake akakumana mumlengalenga ankangowomberana ndi mfuti zam'manja. Koma mu 1915 Ajeremani anayamba kugwiritsa ntchito makina olola chiwaya kuwombera kutsogolo popanda kuthyola mapiko ozungulira a injini. Kuyambira pamenepo ndege zinayamba kusakana ngati nkhwazi.

Mu 1916 katswiri wina, Oswald Boelcke, anasankha Manfred kuti alowe m'gulu lake, namphunzitsa kudzera kumbuyo kwa mdani ndi kuwombera ali pafupi. Pa 17 Seputembala chaka chomwecho Manfred anagwetsa ndege yake yoyamba yovomerezedwa. Masiku awiri izi zisanachitike, Angerezi anali atatulutsa akasinja koyamba pa nkhondo ya ku Somme. Akasinjawo ankaponda waya waminga ndi kudutsa ngalande, malo amene kavalo sakanatha kufikako.

Mu Januwale 1917 Manfred anapatsidwa gulu lake loti aziliyang'anira. Iye anapaka ndege yake utoto wofiira kuti anzake ndi adani omwe azimdziwa ali patali. Ndege iliyonse imene anagwetsa ankaikumbukira posulitsa kachikho ka siliva, mpaka siliva anasowa m'dziko atafika pa tizikho 60. Mu Julayi 1917 analasidwa m'mutu, koma atangopezako bwino anabwerera kunkhondo ngakhale mutu unkamupwetekabe.

Ndege zonse zimene anagwetsa zinakwana 80, ndipo panalibe wina pa nkhondoyo wofikapo. Koma pa 21 Epulo 1918 anaiwala mwambo wake wa kusamala. Pothamangitsa ndege ina, anatsika kwambiri pamwamba pa adani pafupi ndi mtsinje wa Somme. Chipolopolo chimodzi chinamlasa pachifuwa, ndipo anamwalira ali ndi zaka 25 zokha. Ofufuza ambiri lero amakhulupirira kuti anamuwombera anali asilikali a ku Australia amene anali pansi. Adani akewo anamuika m'manda mwaulemu m'mudzi wa Bertangles.

Manfred anayamba usilikali pamsana pa kavalo, nautsiriza m'ndege. Mbiri yake inamveka kutali, komabe tisaiwale kuti m'ndege zimene ankagwetsa munali anyamata anzake, amene ambiri a iwo sanabwererenso kwa makolo awo.

Mafunso

1. Nchifukwa chiyani akavalo anasowa ntchito pa nkhondoyi?
2. Kodi ndege zoyamba zinkapangidwa ndi chiyani?
3. Fotokozani mmene Manfred anafera.